Buku Loyamba la Mwana Wathu

Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse m'dziko muno zidatsekedwa chifukwa cha mliri wa COVID-19, ndipo ana a m'makalasi oyamba sadaonenso bolodi mpaka mwezi wa Okutobala. Ife okhala mu mzinda wa Lilongwe, makamaka amene timagwira ntchito m'maofesi a ku Capital Hill ndi ku City Centre, tidali titazoloŵera kusiya mwana pa chipata cha sukulu m'maŵa ndi kukamtenga masana, monga achitira munthu wosiya chimanga ku chigayo podziŵa kuti pobwera apeza ufa. Miyezi imeneyo chigayo chidaima. Mwana wa zaka 5 kapena 6 adakhala pa tebulo lodyera, pensulo ili m'manja, maso ali pa ife. Apo mpamene ambiri tidazindikira kuti, ngakhale tili ndi masatifiketi opachika pa khoma, sitidziŵa poyambira kuphunzitsa mwana kuŵerenga. Mu Januwale 2023, pamene kolera adachedwetsa kutsegulira kwa sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre, tidakumbutsidwanso za umbuli wathu womwewo.

Miliri ija idapita, koma funso lidatsala m'nyumba zathu. Alipo makolo ena amene adasankha kupitiriza kuphunzitsa okha ana awo aang'ono pakhomo. Ambiri tidabwezera ana ku sukulu, komabe madzulo timakhala nawo pansi kuti tiwathandize. Tonsefe tsiku lina timaima m'sitolo ya mabuku titagwira mabuku aŵiri. Lina ndi lonyezimira, losindikizidwa ku London kapena ku Johannesburg, la zithunzi zokongola ndi mtengo wolira. Linalo ndi lopyapyala, la pepala lotuŵa, lolembedwa m'Chicheŵa. Dzanja lathu limathamangira loyambalo mtima usadafunsidwe. Timayesa kuti tikungogula katundu, monga tigulira nsapato za mwana. Koma tikaganizira mofatsa tiona kuti nkhaniyi ndi ya chikumbumtima, pakuti posankha buku loyamba timasankhanso anthu amene mwanayo adzatha kulankhula nawo, ndi anthu amene adzakhale alendo kwa iye.

Udindo ndi wathu

Tiyambe ndi kuvomera kuti kusankhaku kuli pa mapewa athu. Msonkhano Wachiŵiri wa ku Vatican, m'chikalata chake chonena za maphunziro achikhristu cha pa 28 Okutobala 1965, udaphunzitsa kuti popeza makolo ndiwo adapereka moyo kwa ana, ndiwonso aphunzitsi awo oyamba ndi aakulu, ndipo kuti ntchito yawoyo ikasoŵeka nkovuta kupeza choloŵa m'malo mwake. Papa John Paul II adabwerezanso chiphunzitsochi m'chaka cha 1981 polembera Eklezia yonse za banja lachikhristu. Ife tomwe tidalonjeza zimenezi pa tsiku la ukwati wathu, tidalonjezanso pa tsiku limene tidanyamula khanda kupita nalo ku ubatizo. Sukulu ndi mthandizi wathu, boma ndi mthandizi wathu, koma mwini munda ndife. Wolemba waganyu samleka kulima mizere yokhota namati si mlandu wanga.

Ndipo sitingathaŵire kunena kuti boma lidatisankhira kale, pakuti nalo lakhala likusinthasintha maganizo pa nkhani yomweyi. M'chaka cha 1968 Chicheŵa chidakhazikitsidwa kukhala chilankhulo cha fuko pamodzi ndi Chingerezi, ndipo kwa zaka zambiri ana a Sitandade 1 mpaka 4 ankaphunzira m'Chicheŵa, Chingerezi nkuyamba kulamulira m'kalasi kuchokera Sitandade 5. M'chaka cha 1996 Unduna wa Zamaphunziro udalamula kuti m'makalasi anayi oyambawo ana aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo. Lamulo la maphunziro la 2013 lidatembenuza zinthu nkunena kuti chilankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi, ndipo mu 2014 kudalengezedwa kuti zimenezi ziyambire mu Sitandade 1. Mu 2016 kudayambika ndondomeko ya dziko lonse yolimbikitsa kuŵerenga, imene idapatsa ana a makalasi oyamba mabuku atsopano a Chicheŵa ndi a Chingerezi omwe. Zonsezi zachitika munthu mmodzi akali moyo, ndipo zina mwa makalata ake zidalembedwa pa phiri lomweli limene ena a ife timakwera tsiku ndi tsiku. Ngati akuluakulu a maphunziro apima nkhaniyi kangapo konse, kodi ife makolo tingaithere pa kauntala ya sitolo m'mphindi ziŵiri?

Zimene zimachitika mwana akamaŵerenga

Kuti tisankhe bwino tiyenera kumvetsa chimene kuŵerenga kuli. Mwana asadaone lembo ndi limodzi lomwe amakhala atasenza kale nkhokwe ya mawu. Amadziŵa nsima, madzi, agogo, galu, njala, tulo. Amatha kukana, kudandaula, kunamizira mnzake ndi kupempha. Kuŵerenga ndiko kuzindikira kuti timizere takuda ta pa pepala tikuimira maliwu amene iye amatulutsa kale pakamwa. Tsiku limene mwana aphatikiza ma ndi ma napeza kuti watchula munthu amene amamkonda koposa, nkhope yake imaŵala, chifukwa pepala lalankhula chinthu chimene iye akuchidziŵa. Koma mwana akavutikira kutchula liwu, nalitchula bwino lomwe, osadziŵa tanthauzo lake, wagwira ntchito yopanda malipiro. Tamsenzetsa akatundu aŵiri nthaŵi imodzi: kuphunzira malembo ndi kuphunzira chilankhulo chachilendo. Wamkulu yemwe akanatopa nawo.

Pamenepa Chicheŵa chili ndi mwayi umene ambiri sitiuona. Malembo ake a liwu ndi asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo lililonse limamveka chimodzimodzi paliponse pamene lapezeka. Pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa lembo la liwu. Mwana amene wadziŵa ba, be, bi, bo, bu, ndi anzake otere, angathe kuŵerenga mawu amene sadawaonepo chibadwire. Zovuta zilipo ndithu, ndipo buku labwino limazisunga mpaka mwana atalimba. Ayenera kudzamva kusiyana kwa pala ndi phala, kola ndi khola, ngoma ndi ng'oma. Ayenera kudzagonjetsa malembo ounjikana a mu nkhwangwa, mphwanga ndi ntchentche. Koma malamulo ake sanyenga. Chimene mwana waphunzira lero chidzakhala choona ndi maŵa lomwe.

Chingerezi sichitero. Lembo a limamveka mwina mu cat, mwina mu cake, mwinanso mu call. Mawu akuti though, through ndi tough amafanana pa pepala, koma m'kamwa ali kutalikutali. Akatswiri amene m'chaka cha 2003 adafanizira ana a maiko osiyanasiyana a ku Ulaya adapeza kuti ana olankhula Chingerezi chibadwire amatenga nthaŵi yoposa kaŵiri kuti adziŵe maziko a kuŵerenga, poyerekeza ndi ana a zilankhulo zimene kalembedwe kake kamatsata katchulidwe. Ameneŵa ndi ana a eni chilankhulo, oyamwa Chingerezi pa bere. Nanga kuli bwanji mwana amene mawu akewo akuwamva koyamba?

Tili ndi umboni wina wapafupi ndi kwathu. M'zaka za m'ma 1990 katswiri wina wa ku Britain, Eddie Williams, adayesa ana a sukulu za pulaimale m'Malaŵi ndi m'Zambia. Nthaŵi imeneyo ana a ku Zambia ankaphunzira zonse m'Chingerezi kuyambira chaka choyamba, pamene athu ankayamba ndi Chicheŵa. Munthu akadayembekeza kuti a ku Zambia atisiya kutali pa Chingerezi. Sizidatero. Pa kuŵerenga Chingerezi magulu aŵiriwo sadasiyane kwenikweni, ndipo ana ambiri m'maiko onse aŵiri adali ofooka. Koma pa kuŵerenga chilankhulo chakwawo ana a ku Malaŵi adapambana kwambiri. Zaka zoyamba zimene zidaperekedwa ku Chicheŵa sizidalande kanthu ku Chingerezi. Luso la kuŵerenga munthu amaphunzira kamodzi kokha pa moyo wake, ndipo akalidziŵa amapita nalo ku chilankhulo china chilichonse, monga wodziŵa kupalasa njinga safunika kuyambiranso akabwereka ya mnzake.

Mantha athu ndi manyazi athu

Tisanamizane: mantha amene amakankhira dzanja lathu ku buku lonyezimira lija ali ndi chifukwa chake. Popanda kukhoza Chingerezi mwana salandira satifiketi ya Fomu 4. Maphunziro a ku yunivesite ali m'Chingerezi. Makalata a m'maofesi athu timalemba m'Chingerezi, ndipo Malamulo Aakulu a dziko lino amafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo adziŵe kuchilankhula ndi kuchiŵerenga. Ambiri a ife tidachoka m'midzi ya ku Dedza, ku Ntchisi kapena ku Mchinji, nkufika pamene tilipa chifukwa cha chilankhulo chimenechi. Kholo lofunira mwana wake Chingerezi chabwino silichimwa, likumfunira mkate. Kummana chilankhulo chimenechi kungakhale kumtsekera khomo limene ife tidaloŵera.

Koma kuseri kwa mantha oyenerawo kumabisala chinthu china chimene sitikonda kuchitchula. Ambiri tikukumbukira sukulu zimene wolankhula Chicheŵa ankapatsidwa chilango, ndi kuseka kwa anzathu tikaphonya liwu la Chingerezi. Bala limenelo silidapole. Ndiye chifukwa chake m'nyumba zina mwa zathu muli lamulo losalembedwa lakuti Chicheŵa nchapakhitchini. Timauza mtsikana wolera mwana kuti asalankhule naye Chicheŵa, ndipo iye, poopa kuchotsedwa ntchito, amakhala tsiku lonse ndi khanda akulankhula timawu toŵerengeka ta Chingerezi, kapena kungokhala chete. Mayi amene akadatha kuimbira mwanayo nyimbo zambirimbiri, kumuuza nthano za Kalulu ndi Fisi, kumponyera ndagi, timamsandutsa wosalankhula. Mwanayo amakula wosauka mawu m'zilankhulo zonse ziŵiri, ndipo amaphunzira phunziro limene sitidafune kumphunzitsa: kuti anthu olankhula Chicheŵa ndi otumikira, olankhula Chingerezi ndi otumikiridwa.

Chipatso chake timachiona agogo akabwera kuchokera kumudzi. Afika atanyamula nkhuku ndi kathumba ka mtedza, mtima uli dyokodyoko kufuna kuona mdzukulu. Amuitana, amfunsa za kusukulu, ayamba kumseka kuti ndiye mwamuna wawo kapena mkazi mnzawo monga amachitira agogo onse. Mwana angoyang'ana kwa ife ngati wofuna womasulira, kenaka nkuthaŵira ku wailesi ya kanema. Madzulo gogoyo afunsa motsitsa mawu: "Kodi mwanayu ndamlakwira chiyani?" Ife nkuyankha kuti, "Iyayi amayi, simudamlakwire, kungoti Chicheŵa sachimva bwino." Ndipo nthaŵi zina, Mulungu atikhululukire, timanena mawu ameneŵa ndi kamtima konyada. Tsiku limenelo mayi amene adagulitsa mbuzi kuti ife tiphunzire wabwerera kwawo wopanda mdzukulu. Lamulo lachinayi lotiuza kulemekeza atate ndi amayi athu silithera pa kutumiza ndalama za feteleza.

Tikumbukirenso mamangidwe a mzinda wathu. Pamene likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe kuchoka ku Zomba mu 1975, madera monga Area 10, Area 12 ndi Area 43 adakonzedwa kuti nyumba zikhale motalikirana, iliyonse ndi bwalo lake, ndipo lero zambiri zili m'mipanda ya njerwa. Kumudzi mphunzitsi wa chilankhulo udali mudzi wonse: pamtondo, pachitsime, kudambo koŵetera ng'ombe, pabwalo mwezi ukaŵala. Mwana sakadalephera kuphunzira ngakhale makolo ake akadakhala aulesi. Mumpanda mulibe zonsezo. Chimene ife sitidzetsa m'nyumba, palibe wina adzachidzetse. Nchifukwa chake kusankha kwathu nkolemera kuposa kwa makolo athu.

Phunziro la Augustine Woyera

Nkhaniyi si yatsopano. Augustine Woyera, mwana wa mu Africa muno, wobadwira ku Thagaste m'dziko limene lero ndi Algeria m'chaka cha 354, adafotokoza za ubwana wake atakhala kale Episkopi wa ku Hippo. Adakumbukira kuti Chilatini adachiphunzira popanda mantha ndi popanda mkwapulo, pa miyendo ya omlera, pakati pa nthabwala ndi kuseka kwa anthu omkonda. Chigiriki, chimene chidali chilankhulo cha anthu ophunzira, adachiphunzira ndi ziopsezo ndi zilango, ndipo adadana nacho, kotero kuti ngakhale nthano zokoma zolembedwa m'chilankhulocho zidamuŵaŵira. Iye adatsimikiza kuti mtima wofuna kudziŵa mwaufulu uli ndi mphamvu yophunzitsa kuposa kukakamiza kodzetsa mantha. Munthu ameneyu, amene adadzakhala mmodzi wa aphunzitsi aakulu a Eklezia, adamanga nzeru zake zonse pa chilankhulo chimene adachilandira mwa chikondi.

Eklezia yomwe yakhala ikuyenda m'njira imeneyi. Pa tsiku la Pentekoste Mzimu Woyera sadaphunzitse khamu lija chilankhulo chimodzi. Aliyense adamva Uthenga m'chilankhulo chobadwa nacho. M'chaka cha 863 Cyril ndi Methodius adapita ku Moravia, nakonzera anthu a kumeneko malembo awoawo, ngakhale ena ankalimbikira kuti Mulungu ayenera kutamandidwa m'Chihebri, m'Chigiriki ndi m'Chilatini mokha. Ndipo Papa adadalitsa mabuku awo. Ansembe a Montfort atafika ku Nzama mu 1901, ndi a White Fathers ku Mua mu 1902, adayamba ndi kuphunzira chilankhulo cha makolo athu, ndipo m'sukulu za m'midzi akatekisiti adaphunzitsa ana malembo m'chilankhulo chomwecho. Ambuye Yesu eni ake, pa usiku wa kuzunzika kwawo m'munda wa Getsemani, adaitana Atate awo ndi liwu la chilankhulo cha pakhomo, chimene adachimva ku Nazareti pakamwa pa Maria ndi Yosefe. Munthu akafika pothina amapemphera m'chilankhulo chimene adaliriramo ali khanda. Tiyenera kudzifunsa ngati ana athu adzakhala nacho chilankhulo chotero, chozama mokwanira kunyamula kulapa, chisoni ndi chiyamiko.

Tisapotoze mfundo

Wina angayese kuti tikunena kuti Chicheŵa nchopatulika kuposa zilankhulo zina. Sitikutero ayi. Mfundo ndi yakuti mwana ayambe kuŵerenga m'chilankhulo chimene amachimva bwino ndi chimene amakondedwamo. Lilongwe ndi mzinda wa mitundu yonse. M'nyumba zina za m'parishi zathu mumamveka Chitumbuka, mwina Chiyao, Chilomwe, Chisena, Chitonga kapena Kyangonde. Abale athu a kumpoto sadaiŵale kuti mu 1968 Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, ndipo ife olankhula Chicheŵa tisachite kwa iwo chimene tikudandaula kuti Chingerezi chatichita. Banja lotero lichita bwino kuonetsa mwana malembo oyamba ndi mawu a pakhomo pake. Kalembedwe ka zilankhulo zathuzi nkofanana, ndipo kudumphira ku Chicheŵa sikudzavuta.

Alipo mabanja enanso amene mwana wawo, kaya chifukwa adabadwira kunja, kaya chifukwa bambo ndi mayi ndi a mitundu yosiyana, amamvadi Chingerezi koposa. Mwana wotere ayambe ndi Chingerezi, pakuti mfundo ndi yomweyo. Koma makolo akewo ali ndi ngongole ina: kumtsegulira khomo la chilankhulo cha anthu amene akhala pakati pawo, kuti asakule ngati mlendo m'dziko la makolo ake, wosatha kupepesa pa maliro, wosatha kutsata ulaliki wa Misa ya Chicheŵa, wosatha kumva dandaulo la munthu wosauka amene tsiku lina adzaima patsogolo pa desiki yake.

Ndipo kuyamba ndi chilankhulo cha pakhomo sikutanthauza kubisa Chingerezi. Khutu la mwana ndi lalikulu. Limatha kusunga zilankhulo ziŵiri kapena zitatu popanda kusokonezeka. Alankhulidwe Chingerezi, aimbe nyimbo zake, amve nthano zake tikumuŵerengera. Chimene tikupempha ndi dongosolo lokha: khutu litsogole, diso litsate. Mwana aŵerenge chimene wamva kale. Akakhazikika pa kuŵerenga chilankhulo chake, ndipo mawu a Chingerezi atachuluka m'mutu mwake, buku la ku London lija lidzapeza munda wolimalima. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ife timafuna kuti mwana wa zaka 4 aonetse alendo kuti amaŵerenga, ndipo pofuna kukolola msanga timazula mmera.

Poyesa buku

Tsono tikaima m'sitolo muja, kapena pa mashelefu a laibulale ya boma ku City Centre kumene tingapeze mabuku popanda kuwagula, tiyese buku monga mayi ayesera mbiya, poligogoda. Tione ngati likuyamba ndi maliwu ndi malembo oŵerengeka, nkumawonjezera pang'onopang'ono kuchoka ku maphatikizo kupita ku mawu, kuchoka ku mawu kupita ku ziganizo. Buku limene pa tsamba loyamba likufuna kuti mwana aloŵeze chiganizo chathunthu poyang'ana chithunzi limabala ana onena pamtima amene amaoneka ngati akuŵerenga. Tikaphimba chithunzicho amangoti kakasi. Tione ngati likupatsa mwana mpata wolemba ndi dzanja lake, pakuti lembo limene chala chajambula silithaŵa msanga m'mutu. Mtengo ndi kunyezimira zisatinyenge: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mabuku a sukulu za boma okonzedwa ku Domasi adalembedwa ndi anthu odziŵa ana athu, ndipo kholo la mu Area 47 lisachite manyazi kuwagwiritsa ntchito.

Tionenso dziko limene bukulo likuonetsa mwana. Palibe choipa kuti adziŵe za chipale chofeŵa chimene chimagwa ku Ulaya, kapena za sitima zoyenda pansi pa nthaka. Dziko lonse ndi la Mulungu ndipo mwana ayenera kulidziŵa. Koma ngati m'mabuku ake onse mulibe mwana wofanana naye, mulibe mango, mulibe mvula yoyamba ndi fungo lake, mulibe mayi wobereka mwana kumbuyo, iye adzaganiza mwakachetechete kuti moyo woyenera kulembedwa uli kwina, ndipo kuti wakewu ndi wongoyembekezera. Tili nawo alembi athu. Samuel Josia Nthara adalemba Nthondo, buku limene lidapata mphotho pa mpikisano wa zilankhulo za mu Africa ndi kusindikizidwa mu 1933. John Gwengwe ndi E. J. Chadza adatisiyira mabuku amene ambiri a ife tidakula nawo. Si a mwana wa zaka 6, koma mwana amene wayamba bwino adzawafikira, ndipo adzadziŵa kuti chilankhulo cha agogo ake chili ndi mabuku.

Chotsiriza pa kuyesaku nchakuti palibe buku limene lingadziphunzitse lokha. Tingagule bokosi lathunthu la mabuku, makadi ndi mapulogalamu a pa kompyuta, koma ngati tifika kunyumba usiku mwana atagona, tagula chabe mtendere wa chikumbumtima chathu. Mphindi 20 tsiku lililonse, mwana ali pa miyendo ya bambo kapena mayi, chala chikuyenda pansi pa mawu, zimaposa zipangizo za ndalama zambiri. Ndipo abambo tisakankhire ntchitoyi kwa amayi okha. Mwana amene sadaonepo bambo wake atagwira buku, koma foni yokha, sadzakhulupirira kuti kuŵerenga ndi ntchito ya munthu wamkulu.

Mwana wa kuseri

Patsala munthu mmodzi amene sitidamtchule. Kuseri kwa nyumba zambiri za m'madera athu kuli kanyumba kamene mumakhala mlonda kapena wantchito ndi banja lake. Iyenso ali ndi mwana wa msinkhu wa wathu. Mwana ameneyo amaphunzira m'kalasi lodzaza, mwina pansi, mwina buku limodzi ana angapo, makamaka chiyambire 1994 pamene maphunziro a pulaimale adakhala aulere ndipo ana adakhamukira ku sukulu kuposa aphunzitsi ndi zipinda. Makolo athu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati tasankha buku la Chicheŵa, palibe chotiletsa kuika mpando wachiŵiri pa tebulo. Wathu adzapeza mnzake wolankhula naye Chicheŵa chamoyo, winayo adzapeza buku ndi munthu womumvetsera. Onse aŵiri adzaphunzira kuti pamaso pa malembo, monga pamaso pa Mulungu, palibe bwana ndi wantchito. Miphakati yathu, imene idazika mizu m'dayosizi ino m'zaka za m'ma 1970 pa nthaŵi ya Ambuye Patrick Kalilombe, ingathenso kusonkhanitsa mabuku amene ana athu adakula nawo kale ndi kuwabwereketsa m'mabanja, m'malo moti adyedwe ndi chiswe m'makatoni.

Sitinganene kuti banja lililonse lisankhe chimodzimodzi, pakuti ana amasiyana ndipo nyumba zimasiyana. Koma tisadatulutse ndalama m'thumba, bambo ndi mayi akhale pansi, afunsane moona: kodi buku ili tikugulira mwana, kapena tikugulira maso a anzathu a ku ofesi? Kodi likadzatha, mwanayu adzakhala pafupi ndi anthu ake kapena patali? M'mera mpoyamba. Zaka zimenezi nzoŵerengeka ndipo sizibwerera.

Tiyeni tiyembekeze tsiku limene agogo adzabwerenso ndi kathumba kawo ka mtedza, maso atayamba kuchita khungu, buku lawo la mapemphero lili m'chikwama koma osathanso kuliŵerenga. Madzulo, tikatha kudya, adzalitulutsa nadzati, "Tabwera kuno mdzukulu wanga, undiŵerengere." Mwanayo adzakhale pambali pawo, atsegule, ayambe pang'onopang'ono, phatikizo ndi phatikizo, gogoyo akumthandiza pamene wakakamira, pakuti mawuwo ali nawo pamtima. Chingerezi chake adzachionetsa kwina, ndipo tikhulupirira kuti chidzakhala chabwino. Koma ngati pa tsiku limenelo adzatha kuŵerengera agogo ake, tidzadziŵa kuti buku loyamba lija tidasankha bwino.